Lumo la a Naphiri

Boma litalamula kuti maunduna asamuke ku Zomba kupita ku Lilongwe, linakumbukira madesiki, makabati ndi makina otaipira, koma silinafunse ngati antchito ake ali ndi makolo okalamba. Ada anali wotaipa makalata mu unduna wina, ndipo anakwera lole imodzi ndi katundu wake, mwamuna wake Harry, ndi mayi ake a NyaLuhanga, amene anakhala ku Zomba kuyambira pamene anakwatiwa kuchokera ku Rumphi. Nzeru zinali zitayamba kale kuwathawa gogowa, koma ku Zomba phiri linkawasunga. Akatuluka n'kusokonezeka, ankangodzutsa mutu, n'kuona phiri, n'kudziwa njira. Ku Area 15 kunalibe choyang'ana. Nyumba zinali zofanana ngati mazira a nkhuku imodzi, misewu yopanda mayina, fumbi lofiira ponseponse.

Ulendo woyamba atasochera anawapeza kumtsinje wa Lingadzi akutsuka mapazi. Ulendo wina anawabweretsa ndi amisiri omanga maofesi ku City Centre, ati ankafunsa njira ya kumsika wa Zomba. Efelo, mayi wantchito, anapirira ndithu, koma tsiku lina gogowa atayatsa mbaula pansi pa bedi kuti aothe, anamanga katundu wake n'kutsanzika. Kuyambira pamenepo Ada anayamba kuchita chinthu chimene sankauza munthu: akamapita ku ntchito ankawatsekera mayi ake kuchipinda ndi kiyi. Madzulo ankawapeza ataima kuseri kwa chitseko, osalira, osakalipa, penti ya chitsekocho ili m'zikhadabo.

Kumudzi ku Rumphi kunatsala mabwinja okhaokha. Alongo ake a Ada awiri anali ku migodi ya ku Zambia, ndipo nkhani ya mayi awo inkawafika ngati mphepo ya kutali. Harry naye anali munthu wabwino wa mtundu uja wosathandiza kanthu. Ukamufunsa maganizo ankati, "Ndi amako, uona wekha," kenako n'kufunsa ngati madzi osamba afunda.

Amene anamunong'oneza za malowo anali Janeth, mnzake wa kutchalitchi, nesi. Ananong'ona chifukwa nkhaniyi inali yochititsa manyazi. Munthu wobadwa bwino kukatula mayi ake kwa anthu achilendo? Koma Janeth anali ataona penti ija m'zikhadabo. Anati kuseri kwa Area 47 kuli chigafa chakale cha fodya chimene amayi ena achifundo anachikonza kuti azisungiramo nkhalamba, makamaka zija zimene zinatsala midzi itasamutsidwa kuti pamangidwe likulu.

"Ukapita usakamvere zokamba za woyang'anira," anatero Janeth. "Aliyense amayamikira pake. Iwe ukanunkhize. Ukatembenuze matiresi. Ukaone zikhadabo zawo, ukaonenso m'mitu. Pamalo posasamala, nsabwe ndi zimene zimayamba kuulula."

Anapita Loweruka masana, dzuwa la mu Okutobala lili phwee. Ada anawaveka mayi ake diresi ya kutchalitchi, n'kuwapesa imvi zawo zambiri zija, zimene gogowa ankazinyadira kuposa china chilichonse chimene chinawatsalira. Anawauza kuti akukaona anthu. Harry anayendetsa galimoto mpaka pamene phula analekezera, n'kupitirira mumsewu wafumbi wodutsa pakati pa zikhomo za oyeza malo. Uku ndi uku kunali mitengo ya mango itaima m'magulumagulu popanda nyumba, nthochi zili pamene panali mabafa, mafuwa akuda ali atatuatatu pamtetete. Patali katapila wosalaza malo ankabangula. Atafika, Harry anaimika galimoto pamthunzi, n'kutambasula nyuzipepala.

"Ine ndikudikirani muno," anatero. "Zoterezi amazidziwa ndi azimayi."

Chigafacho chinali chachitali, chopakidwa laimu, bwalo lake losesedwa mpaka mizere ya tsache kumaoneka. Pakhonde panakhala nkhalamba, amuna pabenchi mbali ina, akazi pamphasa mbali ina, atatambalala. Panalibe wolankhula. Panalibe wailesi. Bawo inali itavundikiridwa pakona. Chimene Ada anaona msanga chinali mitu: yonse yometedwa mpala, ya amuna ndi ya akazi omwe, ikunyezimira mafuta. Mtima wake unatsika pang'ono. Apa nsabwe ikhala pati?

Koma a NyaLuhanga anaima pachipata. Anayang'ana khonde lija kanthawi, kenako anawerama n'kuvula nsapato. Anamasula chitenje chimene anakoleka paphewa, n'kuchimanga m'chiuno pamwamba pa diresi. Anayenda mowerama mpaka kwa amuna aja, n'kugwada.

"Pepani," anatero motsitsa mawu, akupereka dzanja kwa woyamba. "Pepani ndi zovutazi."

"Zikomo, mayi. Zationekera," mkuluyo anayankha.

Anatero kwa aliyense, mmodzimmodzi, osadumpha munthu, kenako anakakhala pamphasa pakati pa akazi, n'kutambalala ngati anzawo. Ada manyazi anamugwira mpaka m'makutu. Mayi wina wonenepa, wa duku loyera, anali atatuluka m'nyumbamo akupukuta manja. Ameneyu ndiye anali woyang'anira, Mayi Immaculata, nesi wopuma pa ntchito.

"Muwakhululukire," anatero Ada. "Mutu sukuyenda bwino. Akuona ngati afika pamaliro."

Mayi Immaculata anamuyang'ana ngati akufuna kunena kanthu, koma anangoti, "Asiyeni akhale. Tiyeni muone m'kati."

Ada analowa mphuno ili patsogolo monga anamulangizira Janeth. Munkamveka sopo ndi utsi wa nkhuni basi. Mabedi anali achitsulo, mabulangete opindidwa bwino. Anatembenuza matiresi awiri, n'kuyang'ana m'misoko: nsikidzi ngakhale imodzi. Kuchimbudzi kunali chivundikiro, phulusa lothira, ndi mtengo wogwirira munthu akamadzuka. Kukhitchini anavundukula miphika yekha, osapempha, n'kupeza nyemba zofewa ndi nkhwani wotendera. Anafunsa za dokotala, anamuuza kuti amabwera. Anafunsa ngati amamanga kapena kutsekera anthu osokonekera mutu, Mayi Immaculata anamuonetsa zitseko: panalibe ngakhale chimodzi chokhala ndi loko.

"Wofuna kuyenda timayenda naye," anatero. "Akatopa timabwerera."

Mawu amenewa anamulasa Ada, ndipo anayang'ana kumbali. Anabwera atakonzeka kupeza chifukwa chokanira malowa, kuti akagone ndi mtima woti anayesa koma kunali kwauve. Tsono chifukwacho sichinkapezeka. Komabe thupi lake silinkagwirizana ndi maso ake. Nkhalamba zodya bwino zimakangana, zimadandaula za mchere, zimanenana kuti wina waba fodya. Izi zinali chete. Ndiponso kumapeto kwa chipinda kunali mabedi angapo amene matiresi ake anali opindidwa, zitsulo zili poyera.

"Malo alipo ambiri, eti?" anafunsa.

"Malo sasowa," anatero Mayi Immaculata.

Kuseri kwa nyumbayo kunkamveka kaphokoso kena, kwe, kwe, kwe, kenako kusiya, kenako kuyambanso. Ada anayesa ndi nkhuku ikupalasa. Pofuna kuthamangitsa bata lija anaganiza zoyamikira.

"Koma mwachita bwino kumawameta. Mnzanga wina nesi anandiuza kuti ndiyang'ane m'mitu. Ndaona kuti pano nsabwe simuzipatsa mpata."

Mayi Immaculata sanaseke. Anakweza manja, n'kumasula duku lawo loyera lija. Mutu wawo unali mpala, pali kabala kakang'ono katsopano pamwamba pa khutu.

"Nsabwe pano sitinazionepo, mayi," anatero. "Dzulo taika a Redson. Lero ndi kumeta."

Ada anali mwana wa m'tauni, inde, koma osati wosadziwa kuti maliro akaikidwa abale amameta. Kungoti sanaonepo mudzi wonse utameta, mpaka wolera odwala yemwe.

"Onsewa ndi abale a malemuwo?"

"Palibe ngakhale mmodzi. A Redson kwawo kunali pamene akumanga nyumba zazikulu za Area 43. Ana awo anapatsidwa malo kutali, anati akakamanga adzawatenga. Tinatumiza uthenga wa maliro, sikunabwere munthu. Zinayamba choncho ndi woyamba kumwalira pano. Titabwera kumanda, a Naphiri, gogo wina wokhala pano, anati munthu sangapite ngati galu, popanda wometa. Anatulutsa lumo lawo. Kuyambira pamenepo, wina akapita, otsala timamumetera. Abusa sazikonda, koma abusawo sagona pano."

"Nanga tsitsi likamera?"

"Silifika popesa."

Anazinena mopanda kukometsera, mmene munthu anganenere kuti mvula yachedwa.

"Akufa ndi chiyani? Mwati dokotala amabwera."

"Amabwera, amawapima, sapeza kanthu koposa ukalamba. Sindikunamizani, mayi, chifukwa mwabwera kudzaona zoona. Amadya, amasamba, sitiwamenya. Ine ndagwira ntchito m'zipatala moyo wanga wonse, koma izi zandithera nzeru. Munthu amakhala pakhondepo kuyang'ana kumene kunali mudzi wake. Tsiku lina katapila amagwetsa mango amene ankawayang'ana aja. Sadandaula. Amangoyamba kusiya chakudya m'mbale, kenako timamva a Naphiri akunola lumo pamwala. Sindidziwa amene amawauza. Nthawi zina amayamba kunola ine ndisanaone chilichonse."

Kaphokoso kaja kanamvekanso, kwe, kwe, kwe. Ada anazindikira tsopano kuti si nkhuku. Anatuluka mothamanga, nsapato zake zazitali zikugogoda simenti. Pamphasa paja mayi ake panalibe. Akazi aja anangomulozera kuseri ndi milomo.

Kuseriko kunali mtengo wa mkuyu, ndipo pansi pake a NyaLuhanga anakhala pakampando, chitenje chili m'mapewa, mutu ataweramitsa. Pambuyo pawo panaima gogo wamng'ono thupi, wowongoka ngati mtsikana, maso ake oyera ndi ng'ala. Dzanja lina linkafufuza pamutu, lina linkayendetsa lumo. Theka la imvi zija linali kale pansi, pansalu imene anayala kuti tsitsi lisauluke.

"Siyani!" Ada anakuwa. "Wakuuzani ndani? Amenewa ndi mayi anga!"

Gogoyo anaimitsa lumo koma sanalichotse pamutu. Anatembenuzira nkhope kumene kunachokera mawu.

"Akhala okha pampando, mwana wanga. Ine ndimangomva munthu wakhala, ndiye ndimameta. Alira nafe, tsono tiwakanize?"

"Sakudziwa chimene akuchita! A Redson anuwo sanawaonepo n'komwe."

"Ifenso ambiri tinawadziwira pano," anatero a Naphiri. "Nanga ndisiye chonchi? Mutu wa theka mupita nawo kuti?"

Ada anayang'ana Mayi Immaculata, amene anafika akupuma mwabefu, koma iwo anangotambasula manja. Zoona, panalibe chosiyira. Anaima pomwepo, zibakera atakunga, akuona lumo likutsika ndi kukwera. Imvi zimene anazipesa yekha m'mawa uja zinkagwa mwakachetechete. Anakwiya, anachita mantha, ndipo pansi pa zonsezo anachita nsanje, chifukwa nkhope ya mayi ake inali itamasuka. Chichokereni ku Zomba sanaione choncho. Kunyumba ukangowagwira mutu ankadzidzimuka, kufunsa kuti ndiwe yani. Apa anatseka maso, akung'ung'udza kanyimbo, dzanja lawo litagwira chitenje cha gogo wosaonayo.

Atatha, a Naphiri anawatsuka ndi madzi a m'beseni, n'kuwapaka mafuta. Anasonkhanitsa tsitsi lija pamodzi ndi la ena m'nsalu, n'kumanga kuti akalikwirire. Ada anagwada pamaso pa mayi ake. Popanda tsitsi ankaoneka aang'ono, makutu aakulu, ofanana ndi onse a pakhonde paja.

"Amama, tiyeni tizipita. Nsapato zanu zili kuti?"

A NyaLuhanga anamuyang'ana mokoma mtima, mmene namfedwa amayang'anira mlendo wochokera kutali.

"Zikomo kwambiri, mayi, mwabwera kudzatikhuza," anatero. "Mwadya koma? Pano sitilola munthu kubwerera ndi njala."

"Amama, ndine Ada."

"Ada ali ku ntchito," anatero gogowa. Kenako anatsitsa mawu ngati akuulula chinsinsi cha m'banja. "Ndi mwana wabwino, koma amaiwala kiyi pachitseko. Mukamuona mumuuze kuti ndili pamaliro, asandifunefune."

Kumsewu Harry analiza hutala, kawiri. Ada anakhalabe chogwada. Akanatha kuwanyamula mokakamiza, n'kuwaponya m'galimoto; anali opepuka. Lolemba m'mawa akanatembenuza kiyi uja, n'kupita kukataipa makalata a boma, mayi ake ataima kuseri kwa chitseko mpaka dzuwa kupendeka. Kapena akanawasiya pano, pamalo aukhondo, pa anthu achifundo, pamene tsitsi silifika popesa. Anafunafuna njira yachitatu, sanaipeze. Analira, osabisa, mamina ndi misozi pamodzi, ndipo a NyaLuhanga anamusisita paphewa n'kumuuza kuti alimbe mtima, imfa ndi ya tonse.

"Zovala zawo ndibweretsa mawa," anatero pomaliza, osayang'ana munthu.

"Bedi la pawindo ndi labwino," anatero Mayi Immaculata. "Kumawomba kamphepo."

Nkhalamba zija zinali zitabwera kuseriko mmodzimmodzi, ena ndi ndodo, ena atagwirana, n'kuima mozungulira mkuyu. Ada anadzuka, n'kusasa fumbi m'mawondo. A Naphiri anali asanapinde lumo. Analiviika m'beseni, n'kulipukuta pachitenje, kenako anatambasula dzanja lija lofufuza. Ada asanabwerere m'mbuyo, zala zozizira zinali zitalowa kale m'tsitsi lake lowongola ndi chipeso chamoto, zikuyenda pang'onopang'ono kuchokera pamphumi mpaka kunkhongo.

"Lambiri," anatero gogoyo. "Ndi mwana wawo weniweni ameneyu?"

"Ndi mwana wawo," anayankha Mayi Immaculata.

"Tsono ndifunse, mwana wanga, usakwiye. Timafunsa aliyense wobwera kudzasiya kholo lake. Madzi alipo, lumo lakuthwa, mpando ndi uwu. Tikumeteretu lero, kapena tsikulo likadzafika udzabwera?"

Ada anayang'ana mpandowo. Anaganiza za Lolemba, za atsikana anzake a mu ofesi, za bwana wake, za mafunso amene akanamufunsa: wamwalira ndani? Akanayankha kuti chiyani, mayi ake ali moyo?

"Ndidzabwera," anatero.

Palibe anaseka, palibe anamutsutsa. Nkhalamba zija zinangogwedeza mitu yawo yonyezimira, modekha, ngati anthu amene akumva nyimbo yoidziwa. A Naphiri anachotsa dzanja m'tsitsi lake, n'kupinda lumo.

"Onse amatero," anatero. "Usade nkhawa, mwana wanga. Ife tidzawametera."